Abambo, mapiritsi a kusikelo si anu

Pali funso limene abambo amafunsa motsitsa mawu pa famase mu Zomba muno, kapena akapezana ndi mnzawo wogwira ntchito kuchipatala: kodi mwamuna angamwe mavitamini olembedwa kuti ndi a amayi? Ukawafunsitsa chimene chikuwadetsa nkhawa, upeza kuti akuopa kumera mabere, kusintha mawu kapena kufooka kuchipinda. Mantha amenewo tiwachotseretu. M'botolo la mavitamini wamba mulibe mahomoni achikazi. Vitamini C wa m'botolo lojambulidwa mayi ndi yemweyo wa m'botolo lojambulidwa bambo wa minofu, ndi yemweyonso ali m'magwafa ndi m'malambe. Bambo amene wameza m'bulu umodzi kapena iwiri ya akazi ake agone tulo tabwino, palibe chimuchitikire.

Koma ndikukana kuti nkhaniyi ithere pomwepo, chifukwa chinthu choyenera kuopa abambo sachiopa. Chinthucho ndi ayironi, mchere umene thupi limapangira magazi. Ndipo kuno kwathu funsoli lili ndi mbali ina imene anthu a kumayiko olemera saiganizira: mapiritsiwo ndi a yani, ndipo mwini wake atsala ndi chiyani?

Thupi la munthu lilibe njira yotulutsira ayironi wopitirira muyezo. Mavitamini ena, monga C, akachuluka amatuluka ndi mkodzo. Ayironi satero. Mwamuna amataya pafupifupi miligalamu imodzi yokha patsiku, ndiye thupi lake lili ngati nkhokwe imene umangothiramo koma ilibe potapira. Mayi wa msinkhu wobereka amataya magazi mwezi ndi mwezi, ndipo akakhala woyembekezera magazi ake amayenera kuwonjezeka pafupifupi ndi theka, kwinaku mwana m'mimba akutapa ayironi wa mayi kuti apange magazi akeake. N'chifukwa chake miyezo imene akatswiri a ku America amagwiritsa ntchito imati mwamuna wamkulu amafunika mamiligalamu 8 patsiku, mayi wa zaka 19 mpaka 50 amafunika 18, ndipo woyembekezera 27. Miyezo yomweyo imachenjeza kuti munthu wamkulu asapitirire mamiligalamu 45 patsiku popanda dokotala kumuuza. Piritsi limodzi la kusikelo lili ndi mamiligalamu pafupifupi 60. Bambo wolimeza tsiku ndi tsiku akulowetsa m'thupi kuchulukitsa kasanu ndi kawiri zimene amafunika, osawerengera za m'chakudya.

Wina anganene kuti miyezo imeneyo ndi ya azungu odya nyama, ife a nsima ya masamba magazi athu ndi operewera tonse, mwamuna ndi mkazi yemwe. Yankho lake lili mu mzinda wathu womwe uno. Ofesi ya National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba, inatsogolera pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo kafukufuku wa mavitamini ndi michere ya m'thupi m'zaka za 2015 ndi 2016, ndipo anthu anatengedwa magazi enieni, osati kungofunsidwa mafunso. Anapeza kuti pa amayi 100 a msinkhu wobereka, pafupifupi 15 anali operewera ayironi. Pa ana 100 osakwana zaka zisanu, pafupifupi 22. Pa abambo 100, mmodzi yekha. Mmodzi! Ndiye bambo amene watopa n'kuganiza kuti magazi amuthera chifukwa chosowa ayironi, mwayi woti walondola ndi wochepa kwambiri.

Tsono tinene za mapiritsi amene alidi m'nyumba zathu. Ku Likangala, ku Chikanda, ku Sadzi kapena ku Mpondabwino, mavitamini a amayi amene mungawapeze pawindo kapena m'chikwama si mabotolo odula ochokera ku South Africa. Ndi timapiritsi ta ayironi ndi foliki asidi timene mayi woyembekezera amalandira ulere akapita kusikelo, timene tonse timangoti mankhwala owonjezera magazi. Ndipo tonse tikudziwa khalidwe lathu pa mankhwala: timagawana. Panado wa mwana amamwa agogo, mankhwala a malungo otsala amasungidwira wodwala wotsatira. Bambo wabwera madzulo kuchokera ku kabaza kapena kuphwanya miyala, thupi lili lefu, mutu ukuzungulira, waona timapiritsi ta magazi tili apo. Akati "Mayi a mwana, tandipatsako kamodzi," ndi akazi angati angayankhe kuti ayi?

Apa m'pamene mtima wanga umawawa. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa m'zaka zomwezo anapeza kuti pa amayi oyembekezera 100 m'Malawi, pafupifupi 45 anali ochepa magazi, ndiponso kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri pobereka ndi kutaya magazi. Mayi wolowa m'chipinda choberekera ali ndi magazi okwanira amatha kupirira akataya ena. Wolowamo ali kale wotuwa m'maso ndi m'zikhatho alibe popumira. Mapiritsi aja amawerengedwa kuti akwane masiku ake mpaka tsiku lobwereranso kusikelo, ndipo foliki asidi amene alimo amateteza mwana ku zilema za msana ndi ubongo. Piritsi limene bambo wameza silinamupindulire kanthu, koma lachoka pa mlingo wa anthu awiri amene amalifunadi.

Ndikudziwa chimene abambo ena anganene podziteteza: akaziwo sawamwa, amati amawachititsa nseru, amangotsala n'kutayidwa. Zoona, ayironi amavutitsa m'mimba, ena amadzimbidwa, ena amasanza, ndipo amayi ambiri amasiyira panjira. Vutoli ndi lalikulu moti akatswiri analifufuza kuno komwe. Gulu lotsogozedwa ndi Pulofesa Kamija Phiri pamodzi ndi anzawo a ku Melbourne linachita kafukufuku wotchedwa REVAMP ku Zomba ndi ku Blantyre, pa amayi oyembekezera 862 ochepa magazi, kuyesa kuwapatsa ayironi kamodzi kokha kudzera m'diripi m'malo mwa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2023. Ngati madokotala akuvutika chotere kufuna njira yoti ayironi alowe m'thupi la mayi, ntchito ya mwamuna m'nyumba siingakhale kumumalizira mapiritsi. Ntchito yake ndi kumukumbutsa, kumuuza ayese kumwa atadya kapena pogona, kumupezera lalanje kapena gwafa chifukwa vitamini C amathandiza ayironi kulowa m'magazi, ndi kuonetsetsa kuti sakumwera tiyi, popeza tiyi amatsekereza ayironi. Zikakanika, amuperekeze kwa anamwino akafotokoze.

Tibwerere ku thupi la bamboyo. Ayironi wochuluka amakaunjikana m'chiwindi, mu mtima ndi m'kapamba, ndipo pakapita zaka amatha kuumitsa chiwindi, kuyambitsa matenda a shuga, kufooketsa mtima, ngakhalenso kupha mphamvu zomwe zija za kuchipinda zimene abambo amati akuziteteza. Amene akuganiza kuti awa ndi matenda a azungu amve mbiri iyi. Mu 1929 dokotala wina dzina lake Strachan analemba za mitembo ya anthu akuda imene anaipima ku Johannesburg, mzinda umene migodi yake inameza agogo athu ambiri. Anapeza kuti ambiri ziwindi zawo zinali zodzaza ndi ayironi. Ofufuza a pambuyo pake anapeza gwero lake: mowa wofululidwa m'migolo ndi m'mapoto achitsulo. Mowa ukamasasa umasungunula chitsulo cha mgolo, womwa n'kumameza ayironi wambiri osadziwa. Mu 1992 Victor Gordeuk ndi anzake, atafufuza mabanja ku Zimbabwe, anaonetsa kuti palinso za kumtundu: anthu ena matupi awo amakoka ayironi mopitirira, ndipo akaphatikiza ndi mowa wa m'migolo zinthu zimaipa msanga. Kodi masese athu timafululira muti? Bambo wokonda chipanda cha masese Loweruka ndi Lamlungu angakhale ali kale ndi ayironi wosefukira, chiwindi chake chikulimbana kale ndi mowa, kenako n'kuwonjezerapo piritsi la kusikelo.

Sindikunena kuti mwamuna sangachepe magazi. Amachepa, ndipo kafukufuku wa mavitamini ndi michere uja anapeza abambo pafupifupi 6 pa 100 ali otero. Koma kwa mwamuna wamkulu kuchepa magazi ndi belu lochenjeza. Iye sapita kumwezi, sabereka. Ngati magazi akuchepa ndiye kuti pena pake akudontha, kapena pali matenda amene akuwadya. Tsatirani mtsinje wa Likangala kuchokera kuphiri, kudutsa m'tauni, mpaka kumadambo a mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Abambo olima mpunga ndi asodzi a matemba amakhala m'madzi tsiku lonse, ndipo m'madzi odekha otere ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Likodzo limatulutsa magazi pang'onopang'ono mu mkodzo kapena m'chimbudzi kwa zaka. Mankhwala ake ndi praziquantel, osati mavitamini. Njoka za m'mimba zoyamwa magazi zimalowera kuphazi kwa woyenda wopanda nsapato. Malungo obwerezabwereza amaswa magazi. Chifuwa chachikulu, HIV ndi matenda a impso zonse zimachepetsa magazi. Palinso zilonda za m'mimba, zimene anyamata a ntchito zolemetsa amazikulitsa pomeza Brufen ndi Indocid m'mimba mulibe kanthu kuti thupi lileke kuphwanya. Kwa bambo wachikulire, kuchepa magazi kungakhale chizindikiro choyamba cha khansa ya m'matumbo.

Choopsa kwambiri n'chakuti ayironi amadetsa chimbudzi, kukhala chakuda. Chilonda cha m'mimba chikamatuluka magazi, chimbudzi chimadanso chimodzimodzi. Bambo amene akumwa mapiritsi a akazi ake akaona zakudazo adzati ndi mankhwala, pamene mwina ndi magazi ake akutayika. Angamve bwinoko kwa milungu ingapo, n'kuchedwa kupita kuchipatala miyezi imene ikanamupulumutsa. Kuyeza kuchuluka kwa magazi n'kobaya chala chabe, ndipo sikutenga nthawi. Abambo ambiri amathawa poopa kuti akangopereka chala ayezedwanso kachilombo. Kuopa kumeneko kwaika m'manda amuna ambiri. Ndipo dokotala akayeza n'kupeza kuti ayironi ndi woperewera, adzalemba mapiritsi omwewo a ayironi, pa mlingo wake, kwa nthawi yake, akufufuzanso kumene magaziwo akuthawira. Pamenepo bambo amwe ndi mtima wonse.

Pali gulu lina la abambo limene ndikufuna limve bwino. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri amene ali pa ma ARV m'Malawi anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Mankhwala amenewa ndi amphamvu, koma ayironi, kashiamu ndi michere ina ya m'mapiritsi a mavitamini imawagwira m'mimba n'kuwalepheretsa kulowa bwino m'magazi, makamaka munthu akamwa zonse pamodzi asanadye. Malangizo ake ndi akuti ma ARV amwedwe maola awiri mapiritsi a ayironi asanamwedwe, kapena maola asanu ndi limodzi pambuyo pake, kapena zonse zimwedwe pamodzi ndi chakudya. Mayi woyembekezera amauzidwa zotere kuchipatala. Bambo wongotola pawindo amuuza ndani? Akhoza kumamwa ma ARV ake mokhulupirika tsiku lililonse koma akuwafooketsa yekha. Ayironi amachitanso zomwezo kwa ciprofloxacin ndi doxycycline, mankhwala amene amaperekedwa kawirikawiri pa matenda a m'mimba, a m'chikhodzodzo ndi opatsirana pogonana.

Ndipo mapiritsi oyendayenda m'nyumba, lero pawindo mawa m'thumba la jekete, amathera m'manja mwa ana. Amaoneka ngati maswiti. Mwana wamng'ono akameza angapo a ayironi akhoza kufa. Zikachitika musadikire kuti muone ngati asanze. Thamangirani naye ku Zomba Central kapena chipatala chili pafupi, mutatenga ndi paketi yomwe.

Tsopano kwa a m'tauni, aphunzitsi, a m'maofesi ndi ophunzira a ku yunivesite, amene amagula mabotolo pa WhatsApp ndi pa Facebook, kapena kwa mnzawo wa kutchalitchi amene analowa bizinesi yogulitsa zowonjezera thanzi. Inu musadzione ngati ochenjera chifukwa mwagula botolo lolembedwa kuti ndi la abambo. Kusiyana kwenikweni kwa mabotolo awiriwo n'kochepa: la amayi limakhala ndi ayironi ndi foliki asidi wochulukirapo, mwina ndi kashiamu; la abambo ayironi amakhala wochepa kapena mulibe. Zotsalazo ndi utoto ndi chithunzi, kuti banja limodzi ligule mabotolo awiri. Ndipo mavitamini ochuluka si abwenzi a mwamuna nthawi zonse. Ku Finland, kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 1994 anapeza kuti abambo osuta fodya amene ankapatsidwa mapiritsi a beta-carotene ankadwala khansa ya m'mapapo kuposa amene sankapatsidwa. Ku America, kafukufuku wa SELECT pa abambo oposa 35,000 anaonetsa mu 2011 kuti omwa vitamini E tsiku ndi tsiku chiopsezo chawo cha khansa ya prostate chinakwera ndi 17 pa 100 iliyonse. Anthu amenewa ankamwa poganiza kuti akudziteteza.

Za vitamini A ndiye tisavutike n'komwe. Shuga wa m'sitolo amathiridwa vitamini A kuyambira mu 2012, mafuta ophikira nawonso amathiridwa, ndipo kafukufuku wa mavitamini ndi michere wa 2015 uja anapeza kuti kuperewera kwa vitamini ameneyu kunatsika kwambiri m'dziko muno. Naye akachuluka amaunjikana m'chiwindi.

Chimene kafukufukuyo anapeza kuti chikusowadi, kwa abambo, amayi ndi ana omwe, ndi zinki: anthu oposa theka anali operewera. Chifukwa chake chili m'mbale. Timadya nsima yambiri ndi ndiwo zochepa, ndipo chimanga chili ndi zinthu zimene zimatsekereza zinki ndi ayironi kulowa m'thupi. Mankhwala ake sali m'botolo lobwera pa ndege, limene mtengo wake unalumpha kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ali pamsika wa Zomba: matemba ndi usipa zodyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, mazira, chiwindi, nyemba, nandolo, mtedza wotendera, bonongwe, chisoso, nkhwani, ngumbi ndi mbewa pa nyengo yake, ndi zipatso zotsika kuphiri. Ndalama ya botolo limodzi ikhoza kugula ndiwo zabwino za banja lonse kwa masiku angapo. Koma pamenepanso pali mlandu wa abambo. M'mabanja ambiri nthuli yaikulu ndi mutu wa nsomba zimapita m'mbale ya bambo, mayi woyembekezera n'kutsala ndi msuzi. Munthu amene thupi lake limafuna mamiligalamu 8 akudya gawo la munthu amene akufuna 27. Mwambo umenewu tiusinthe, ndipo woyamba kuusintha akhale bambo mwini, pokankhira mbaleyo kwa akazi ake.

Ogulitsa nawo asasambe m'manja. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, lili ndi udindo woyang'anira mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno. Ndikulipempha litembenukire ku mabotolo ogulitsidwa m'zikwama ndi pa foni ndi malonjezo ochiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kusabereka. Lilamule kuti chilichonse chokhala ndi ayironi chikhale ndi chenjezo m'Chichewa, lowerengeka, lonena za ana ndi za ma ARV. Wa pa famase asamangolandira ndalama. Bambo akanyamula botolo lokhala ndi ayironi amufunse ngati anayezetsa, ngati ali pa mankhwala ena, ngati amamwa mowa. Ndipo popeza zipatala zimalimbikitsa abambo kuperekeza akazi awo kusikelo, anamwino ndi alangizi a zaumoyo agwiritse ntchito mpata umenewo. Popereka mapiritsi kwa mayi, ayang'ane bamboyo m'maso n'kumuuza kuti: "Bambo, awa ndi a mayi ndi mwana. Inu mukamva kufooka mubwere tidzakuyezeni."

Bambo wathanzi amene nkhani ya magazi yamukhudza ali ndi chochita chenicheni. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limasowa magazi kawirikawiri, makamaka sukulu zikatsekera, chifukwa ambiri opereka ndi ana a sukulu, ndipo ena mwa oyamba kuvutika magazi akasowa ndi amayi otaya magazi pobereka. Kupereka botolo limodzi kumachotsa m'thupi ayironi woposa mamiligalamu 200, amene mwamuna wodya bwino amamubwezeretsa popanda piritsi lililonse, ndipo asanakutengeni amayamba akuyezani ngati magazi anu ndi okwanira. Akadzaimika tenti yawo m'tauni muno kapena kutchalitchi ndi kumzikiti kwanu, abambo a ku Likangala mukaime pamzere, musasiyire ana a sekondale okha.